Njerwa za Amayi a Emily

Denga la sukulu imene Emily ankaphunzira ku Lanham, ku Amereka, linkadontha. Mvula ikagwa, aphunzitsi ankandandalika ndowa pakati pa madesiki, ndipo khoma la kalasi yake linali litachita nkhungu yakuda. M'chaka cha 1996 mwanayo anayamba chifuwa chobanika. Amayi ake, a Callista, akaweruka kuntchito yosamalira okalamba, ankamupeza akupuma molira ngati kamwana ka mphaka. Dokotala anati ndi chinyontho. A Callista anapita nayo nkhaniyi kwa Ambuye, monga ankachitira ndi nkhani iliyonse, kuyambira ya lendi mpaka ya basi yochedwa.

Tsiku lina amuna awo, a Gracian, anafika ndi uthenga.

"Boma la dera lino likufuna kukongola ndalama zokonzera masukulu," anatero. "Koma silingakongole anthu asanavomere, chifukwa ngongoleyo idzabwezedwa ndi misonkho yawo. Lachiwiri pachisankho, pansi pa mayina a opikisana, pali funso: inde kapena ayi."

"Ndiye tikati inde."

"Ife sitivota, mayi a Emily. Sindife nzika."

"Nanga mbali yathu ndi iti?"

"Kupemphera basi."

"Kupempherako ndayamba kale. Koma Nehemiya atapemphera sanakagone, ananyamula miyala." Anapukuta manja pachitenje n'kukhala pansi. "Kwathu ku Ntcheu, pamene tinkafuna mdadada watsopano wa sukulu, boma linatumiza malata lisanaone njerwa? Makolo ayambe aumba, akuluakulu aone kuti anthuwa akufunadi. Mukuti Mmereka angati inde pamalo popanda ngakhale njerwa imodzi?"

"Kuno sizitero."

"N'chifukwa chake denga likudontha."

A Gracian anadzuka kukafuna misomali. Zaka za ukwati zinali zitawaphunzitsa. Loweruka anathyola kabati yakale, nakhoma zikombole ziwiri.

Lamulungu, muholo imene mpingo wawo unkabwereka ku Takoma Park, a Callista analengeza ntchito yachitukuko: kukaumba njerwa pasukulupo tsiku lachisankho. Amayi anavomera ndi nthungululu. A Mubanga, namwino wa ku Lusaka, anafuula kuti, "Ba Callista, ine nizabwela na fosholo!" Amene sanaombe m'manja anali a Morton okha, mkulu wa mpingo. Iwo ndiwo anali nzika yokhayo mumpingomo, anali ndi nyumba yawoyawo ku Bowie, ndipo anali atanena kale poyera kuti adzavota ayi.

"Misonkho yatikwana," anatero atavala chipewa. "Ana anga anamaliza sukulu kalekale. Ndipo zanu za njerwazi, amayi, ndikhulupirira kuti ndi nthabwala."

A Callista anangomwetulira. Ankawakonda a Morton monga tiyenera kukondera m'bale amene Ambuye sanamalize kumuumba.

Lachiwiri kunacha ndi kamvula kowaza ndi mphepo yolowa m'mafupa. Ana sanaphunzire, pakuti anthu ankavotera muholo ya pasukulu pomwepo, ndipo mzere unafika panja. Kumapeto kwa bwalo lamasewera, pafupi ndi mpanda, a Callista anapeza dothi lofiira lokongola, katondo weniweni. Anagwada, kulifinya m'manja, nathokoza Mlengi amene anaika dothi la ku Ntcheu ku Lanham kudikira tsiku limeneli.

Amayi anamanga zitenje pamwamba pa majekete. Ena kukumba, ena kutunga madzi pampopi wothirira kapinga. A Mubanga anavula nsapato, kulowa m'matope kuti aponde, n'kutulukamo akulira.

"Mayo! Aya matope yachoka mu filiji!"

"Pondani mwamphamvu, mufunda," anatero a Callista, nayambitsa nyimbo ya m'buku yonena za maziko olimba. Onse anailandira m'mawu anayi. Chikombole chinkatsika, njerwa n'kutsala pa udzu, yonyezimira.

Emily anali m'galimoto, atafunda bulangete, atabisa nkhope. "Mommy, please," anatero amayi ake atadutsa ndi ndowa.

"Khala chete, mwanawe. Ndi chifuwa chako chomwe tikuumbirachi."

Anthu a pamzere anayamba kutembenuka. Kenaka anatuluka mayi wina woyang'anira chisankho, atanyamula tepi yoyezera, kudzaona ngati oimbawo anali kukopa ovota pafupi kwambiri ndi khomo. Anayeza, napeza kuti anali kutali mokwanira. Koma za dzenje pabwalo la sukulu buku lake la malamulo silinanene kanthu, choncho anaitana wapolisi.

Nthawi yomweyo galimoto ya a Morton inalowa. Anatsika ali mu suti yakuda ndi nsapato zowala, kudzaponya ayi wawo. Atamva nyimbo, anaizindikira. Atawona zitenje, anatsitsa chipewa kumaso nayesa kuzembera kuseri kwa mzere.

Wapolisi anafika padzenje, nafunsa mwaulemu kuti wamkulu wa gululi ndani.

Funso lotere, kwa anthu oleredwa bwino, lili ndi yankho limodzi. Mkulu wa mpingo alipo, mayi sangadzitchule wamkulu. Manja onse amatope analoza a Morton.

"Ine sindikuwadziwa…" anayamba a Morton, kenaka anaima. Anakumbukira Petro pamoto paja, ndipo a Callista anali kuwayang'ana ngati akudikira tambala. Anayenda kudutsa kapinga wonyowa.

"Amayi, mwandipha," ananong'ona.

"Tiyankhulireni, bambo. Chingerezi chanu n'cha kuyunivesite."

A Morton anayamba ndi kupepesa. Anati amayiwa ndi alendo, sadziwa malamulo a kuno. Wapolisi anafunsa chimene ankachita. Anati akuumba njerwa. Za chiyani? Za sukulu. Chifukwa chiyani? Apa anthu a pamzere anali atasendera pafupi, ndipo a Morton, amene anali mlaliki kuyambira unyamata wawo, sakanatha kuona khamu osakweza mawu. Anafotokoza kuti kwawo sukulu ikagwa, makolo sadikira. Anati iwo eni anasenza njerwa pamutu ali mwana, kuwotcha uvuni, ndipo m'kalasi imene anamanga ndi manja awo ndi mmene anaphunzirira Chingerezi chimene akuyankhulachi. Anati amayiwa alibe voti, koma ali ndi manja. Analoza galimoto mmene munali Emily. Analoza denga. Anafunsa khamulo kuti ndi dziko lanji, lolemera chonchi, limene mwana amaphunzira pambali pa ndowa.

"Amen!" anafuula a Mubanga, mano akugwedera.

Anthu ena anaomba m'manja. Nkhalamba ina yachizungu inavula magolovesi n'kupempha kuyesako chikombole, ndipo njerwa yake inatuluka ngati chigumu chogwa pansi. Wapolisi anati sakumanga munthu, koma dzenjelo likwiriridwe asanachoke.

A Morton anayang'ana uku ndi uku ngati munthu wodzuka kutulo n'kupeza ali paguwa. Nsapato zawo zinali zitamira mpaka m'akakolo.

"Ndanena chiyani ine?"

"Mzimu ndiwo wanena, bambo. Pitani mukavote."

Analowa muholo akusiya mapazi ofiira pansi. Pafupi ndi kachipinda kovotera panali ndowa, ikulandira madontho.

Mmawa mwake a Gracian anabwera ndi nyuzipepala. Inde anapambana. Anayesa kufotokoza kuti dera ndi lalikulu, ovota ndi zikwizikwi, ndipo ambiri mwa iwo sanaone njerwa ndi imodzi yomwe.

"Nanga Yoswa, malinga aja anawagwetsa ndi chiyani?" anafunsa a Callista. "Ndi nyundo?"

Njerwazo sizinaume. Mvula ya sabata imeneyo inazisungunula zonse, kupatula imodzi imene a Callista anabwera nayo kunyumba. Anaiyanika pawindo, kenaka anaiwotcha mu uvuni wa makeke mpaka belu lochenjeza za utsi linalira ndipo anansi anatuluka panja.

Amisiri anafika patchuthi chotsatira, nachotsa denga lakale ndi khoma la nkhungu lija. Dzinja linalo Emily anagona osalira pachifuwa. A Morton sanaululepo chimene anavota, koma Lamulungu lina a Callista anawapatsa njerwa ija atakulunga m'kansalu, pamaso pa mpingo wonse.

"Mwailipirira kale ndi misonkho, bambo," anatero.

A Morton anailandira ndi manja awiri, akung'ung'udza. Inakhala paguwa zaka zambiri, ikutsamira Baibulo kuti masamba asauluke.