Mabokosi a Machesi a Aphunzitsi Obed

"Ndiye munaotcha onse?" anafunsa Manesi, akuyang'ana m'kapu yachitsulo imene inali m'manja mwake.

Rakele, mlamu wake, anapitiriza kupinda mphasa za anamalira. "Alamu, anthu amafuna moto. Titsegule bokosi ili, mulibe machesi. Titsegule ilo, chimodzimodzi. Tinangopezamo timakhadi ta m'foni, ndiye ndinatikhuthulira m'kapumo kuti tisasowe. Nanga mabokosi opanda kanthu ndani angasunge pamaliro?"

Panali patapita masiku atatu chiikireni m'manda Obed, mwamuna wa Manesi. Obed anali wosaona kuyambira ali mwana, ndipo amaphunzitsa ana osaona pasukulu ina ya mishoni cha ku Mtengowanthenga. Kwa zaka ziwiri anakhala akusonkhanitsa masewera a pafoni osewera ndi makutu okha, oti munthu amamva galimoto ikubwera kumanzere, chitseko chikutseguka kumanja. Mtundu uliwonse wa masewera unali ndi kakhadi kake, ndipo kakhadi kalikonse kanali ndi bokosi lake la machesi, lomatidwa njere za chimanga pamwamba kuti zala ziwerenge. Tsopano timakhadi tonse tisanu ndi kamodzi tinali m'kapu imodzi, takuda, tofanana ndendende.

"Mawa pogawa katundu anyamata achibale atenga timeneti, aikemo nyimbo," anatero Rakele. "Achimwene nawonso, munthu wamkulu kumasewera ngati mwana!"

Manesi asanayankhe, panja panamveka odi ndi kugogoda kwa ndodo pakhonde. Anali a Eveline, mphunzitsi mnzake wa Obed, nawonso osaona. Atakhala pansi n'kupepesanso maliro, ananena chimene anabwerera.

"Sukulu titsegulira Lolemba. Aphunzitsi Obed anandiuza kuti mabokosi a ana atha kusanjidwa."

Manesi anachita manyazi kwambiri. Anafotokoza zonse, kenaka anaika kapu ija m'manja mwa mlendoyo. A Eveline anapisamo chala, navundula timakhadi tija.

"Aa, si nkhani imeneyo," anatero Rakele. "Ngati ndi za ana, apatseni zonse pamodzi, asankhe okha."

"Mayi, inu mukalowa m'sitolo maso amakusankhirani," anayankha a Eveline modekha. "Ife timalowa kaye m'masewera ndi pamene timadziwa kuti muli chiyani. Ndili ndi mtsikana wa ku Msakambewa amene anasiya kuona chaka chathachi. Tsiku lina anatsegula masewera a nkhondo, mfuti zikulira makutu onse awiri. Anataya foni, ndipo mpaka lero safuna kuigwira. Aphunzitsi anayamba kusanja chifukwa cha iyeyo."

Rakele anasiya kupinda mphasa.

"Foni yawo ilipo?" anafunsa a Eveline. "Tiyese kamodzikamodzi. Kaya titha lero, kaya."

Manesi anakatenga foni ija kuchipinda. A Eveline analowetsa kakhadi koyamba, zala zikuyenda mwachangu, foni ikubwebweta Chingerezi chothamanga. Kenaka anaima. "Pali china pamwamba penipeni, si masewera ayi." Anagogoda kawiri pagalasi.

"Bokosi la njere zitatu," inatero foni, ndipo anali mawu a Obed, ndi kakhosomole kake komwe. "Awa ndi othamangitsa galimoto. Amafuna makutu onse awiri. Mwana wosamva bwino khutu limodzi musamupatse, angadzione ngati wopusa pamene si wopusa."

"Mayo ine, achimwene!" Rakele anakhala pansi, nagwira pakamwa. Manesi sanalire. Anangoti, "Bwerezani," ndipo a Eveline anabwereza.

Kakhadi kalikonse kanali ndi mawu ake otero. Bokosi la njere imodzi linali la masewera a nkhani, oti munthu amamvetsera n'kusankha njira, ndipo Obed anati oyamba kumene ayambire pamenepo chifukwa palibe chowathamangitsa. La ziwiri linali la masamu ndi mawu, ndipo anachenjeza kuti ena Chingerezi chake n'cha m'mphuno. La zinayi linali la nyimbo, la zisanu la nkhondo. "Awa ndi a akuluakulu a Sitandade 8," anatero, "ndiponso pambuyo pa homuweki, osati kundinamiza."

Rakele anadzuka osauzidwa. Anang'amba timizere pachitenje chake chakale, namanga kakhadi kalikonse m'kansalu kake, mfundo imodzi, mfundo ziwiri, monga mwa njere zija. "Anyamata aja akagule awo," anatero akupukuta m'maso. "Akafunsa mawa ndiyankha ndine."

Kanatsala kamodzi. A Eveline anakalowetsa.

"Bokosi la njere zisanu ndi imodzi. Awa ndi osewera awiri, woona ndi wosaona pamodzi, kuti mwana akapita kutchuthi asamasewere yekha kuseri kwa nyumba. Koma ndinene zoona, awa sindinawayese bwinobwino. Mnzanga woyesa naye amakhala wotanganidwa, ndipo ndi ntchito zondisamala ine ndemwe, ndiye sindingadandaule." Obed anaseka pang'ono. "Ndimunyengerera Loweruka."

Apa ndiye Manesi analira, kulira kwenikweni kumene sanalire ngakhale kumanda.

"Amandiitana," anatero. "Ine ndimangoti mawa, bambo, mawa."

A Eveline anamusiya alire. Atatonthola, Manesi anapukuta nkhope ndi m'mphepete mwa chitenje, nasendera pafupi.

"Asapite kwa ana osayesedwa," anatero. "Ndiyambire pati?"

A Eveline anafufuza dzanja lake, nagwira chala chake cholozera, nachiika pagalasi la foni.