Pemphero la Bana Kangwa Pamzere Woyamba

Ku Kabwata aliyense ankanong'ona kuti ba Muriel, akulu anga, alowa zausatana. Ine ndinazimva kwa mayi wina wogulitsa tomato pamsika. Sanadziwe kuti ndine mng'ono wawo, ndipo ndinamusiya amalize chifukwa nkhaniyo ankaikamba bwino.

Ba Muriel amaphunzira zamakompyuta, ndiye gulu la amayi kutchalitchi kwathu linawapatsa ntchito yotumiza mauthenga a pafoni. Analemba kapulogalamu kotumiza uthenga umodzi kwa amayi onse nthawi imodzi. Amayiwo amakonda tizithunzi ta timitima ndi timanja topemphera, uthenga wopanda zimenezo amati ndi wamwano. Tsono Lachinayi lina, pamalo a timanja panatuluka zilembo zachilendo, zina zamichira, zina ngati zanyanga. Ba Winifred a ku Chilenje foni yawo anaitsindika ndi Baibulo mpaka batire linatha.

Vuto linali bana Kangwa, tcheya wa gululo, amenenso ndi amake a Kangwa, chibwenzi cha ba Muriel. Anatumiza mawu kwathu kuti za ukwati tiiwale, mwana wawo sangakwatire munthu wolemba chinenero cha ziwanda. Kangwa, munthu wandevu zake, anangoti tipemphere.

Ba Muriel analira tsiku lonse, kenako anatsegula laputopu. Mwadzidzidzi ndinamva akuseka. Anandionetsa kamzere koyamba ndi # ndi !, nati kameneko kamauza kompyuta pulogalamu yoyendetsa zonsezo, ndipo kumapeto kwake anaikako UTF-8, yoiuza mmene iziwerengera zilembo ndi tizithunzi. Koma kamayenera kukhala pamwamba penipeni. Kakatsika, kompyuta siikaona, imangolota zake.

Ndipo kanali katatsika. Pamwamba pake panali mzere watsopano: # AMBUYE TSOGOLANI NTCHITO IYI AMENI.

Ba Muriel anakumbuka kuti tsiku lina muofesi ya tchalitchi bana Kangwa anafunsa za # uja, iwo nawayankha kuti mizere yotero kompyuta siiwerenga, ndi ya anthu. Za kamzere koyamba sanatchule. Kenako anatuluka kukagula fanta ya apongozi, laputopu ili chitsegulire.

Tinakwera minibasi kupita ku Woodlands kwa bana Kangwa. Ine palibe anandiitana, koma nkhani yotere sungadikire kuimva kwa anthu. Ba Muriel anagwada pakapeti, laputopu ili m'manja ngati mbale ya chopereka. Bana Kangwa sanakane. Anati inde analemba ndi iwo, ndi chala chimodzi, chifukwa ntchito ya tchalitchi siingayambe ndi zizindikiro zopanda mutu. Atamva kuti pempherolo liyenera kutsika, anavula magalasi.

"Ndiye iwe ukufuna Mulungu akhale wachiwiri?"

Ndinaona keke ya ukwati ikusungunuka m'maso mwanga.

"Iyayi amayi," anatero ba Muriel. "Kamzere aka ndi ngati wotsegula tchalitchi. Amayamba ndiye kufika, koma nyumba si yake."

Bana Kangwa anayang'ana kudenga. Kenako anati wotsegula wa kwathu amachedwa sabata iliyonse, koma chabwino. Anakana kuti wina akhudze pemphero lawo. Analifufuta okha n'kulilembanso pamzere wachiwiri ndi chala chomwe chija, ife mawondo akuwawa. Uthenga woyesera utafika pafoni yawo, timanja tinali bwinobwino.

Lamlungu bana Kangwa anaimirira kupereka umboni kuti anatulutsa chiwanda mukompyuta ya mpongozi wawo ndi chala chimodzi. Anachikweza m'mwamba, amayi n'kululutira. Ukwati ulipo, Kangwa wayambanso kuyenda ngati mwamuna.

Ba Muriel andiuza kuti ndikangotsegula pakamwa andichotsa pamzere wa ovina paukwati, ndipo diresi andisokera kale. Koma mayi wa tomato uja akuikambabe molakwika, tsiku lililonse ndimamudutsa lilime likuyabwa. Inu mukanakhala ine, mukanasankha diresi?