Chitupa cha Mkamwini

Ezra, makaniko wa njinga zamoto pa Lirangwe, ankanyansidwa ndi zinthu ziwiri: petulo wosakaniza ndi palafini, ndi mlamu wake Stanford. Stanford ankagwira ntchito ku bwalo la ndege ku Chileka. Ntchito yake inali yokweza zikwama pangolo, koma akafika kumudzi ankayankhula ngati ndege sizinyamuka iye asanavomere. Chitupa cha kuntchito sichinkachoka m'khosi. Kutchalitchi nacho, kumaliro nacho, chikulendewera pachingwe chabuluu mpaka pamchombo.

Mayi ake a Ezra anali atatengeka nazo zimenezi. Malo a m'mbali mwa msewu, pomwe panali garaja ya Ezra, ankafuna kuwapereka kwa mwana wawo wamkazi, Ivy, kuti mwamuna wake Stanford amangepo shopu. "Munthu wa ndege uja mutu wake umagwira," ankatero.

Loweruka lina Stanford anatsika minibasi atanyamula kandege kachidole, mapiko ake otalika ngati mkono, koma kokhala ndi injini yeniyeni ya mafuta. Anati anamupatsa ndi woyendetsa ndege wina, mnzake wapamtima. Anthu anakhamukira kubwalo la mpira, ndipo mayi aja anawaikira mpando kutsogolo.

Ezra anangokayang'ana kamodzi kainjiniko n'kudziwa kuti kamaluma. Iye mwini chala chake chimodzi chinatsala theka kalekale, tcheni cha njinga chitamuphunzitsa ulemu.

"Alamu, mchirawo tiumangirire kuchikhomo, kangakuthawireni," anatero Ezra. "Anthuwa abwerere kumbuyo. Pulopelayo muipukuse ndi kamtengo, osati chala. Komanso chingwe chili m'khosicho vulani."

Stanford anaseka mokweza kuti apongozi amve. "Alamu, izi si za kabaza. Ifetu timagona ndi ndege, kudzuka ndi ndege."

Kumanga anamanga Ezra yekha, anthu anawabweza yekha. Kamtengo Stanford analandira chifukwa choti Ivy anamuyang'ana ndi diso loipa. Koma chitupa, ayi ndithu. Kuvula chitupa pagulu lonseli? Nanga anthu akanamusiyanitsa bwanji ndi ogulitsa tomato?

Anagwada kutsogolo kwa kandegeko, analumikiza kabatire koyatsira, n'kuyamba kupukusa. Ulendo wachitatu injini inalira, phokoso lake ngati kachigayo kolusa. Anthu anakuwa. Stanford, mano onse pamtunda, m'malo mozungulira kumbuyo kuti akachotse kabatireko monga amachitira munthu wanzeru, anangowerama pomwepo n'kutambasula dzanja pamwamba pa pulopela. Chitupa chinalendewera. Pulopela inachimenya, chingwe chinakulungika, ndipo mutu wa munthu wa ndege unakokeredwa pansi.

Ezra anadumpha. Dzanja lina linagwira kolala ya mlamu wake, lina linafinya kapaipi ka mafuta. Injini inatsokomola n'kuzima. Pachibwano pa Stanford pankatuluka magazi, ndipo pakanapanda kolalayo, bwenzi nkhani yake ili ya diso. Chitupa chinali zidutswa zokhazokha.

Ezra anapuma mozama. Mumtima anati basi, lero aliyense wadzionera yekha.

Mayi aja anadzuka pampando, anauza Ivy kuti apukute mwamuna wake, kenako anatembenukira kwa Ezra.

"Iwe, nsanje idzakupha," anatero mayiwo. "Ndege ya eni ake waimanga chingwe ngati mbuzi, umati iuluke bwanji? Ndiye waizimitsanso anthu asanaone kanthu. Mnzako wavulala chifukwa cha iwe. Lolemba ndisapeze chitsulo chako ngakhale chimodzi pamalo paja."

Ezra anayang'ana mlamu wake, kudikira kuti mwina anenapo liwu limodzi lokha. Stanford sanadzutse mutu. Anali kalikiliki kutola zidutswa za chitupa m'fumbi, akuzipukuta ndi malaya.