Tsiku Lowerengerana

"Sumaiya, nyamula pepala lako ukakhale ndi Willard."

Mtsikanayo sanadzuke msanga. Anakonza mpango wake wobiriwira wakumutu ngakhale unali bwinobwino, n'kuyang'ana anzake a mbali ya atsikana.

"Madamu, bwanji ndikhale ndi Zena?"

"Iwe ndi Zena muzikangouzana kuti zili bwino, zili bwino. Ndimakudziwani. Tiye, Willard saluma."

Kalasi yonse inaseka. Sumaiya anadzuka, anawoloka kanjira kolekanitsa anyamata ndi atsikana, nakhala kumapeto kwenikweni kwa benchi, mwendo umodzi uli panja.

Madamu Rachael ankaphunzitsa Chichewa mu Fomu 4 pa sukulu ina yoyendera, m'mbali mwa msewu wopita ku Makanjira. Kwawo kunali ku Monkey Bay, kutsidya kwa nyanja yomweyo, ndiye ankadziyesa mwana wa kunoko amene palibe angamuuze za anthu akunyanja. Chinkamutopetsa ndi zimangirizo za ana ake. Mwana ankangogwira cholembera n'kuthamanga mpaka kumapeto osapuma, mutu kwina miyendo kwina. Teremu imeneyo anaganiza zowayendetsa pang'onopang'ono. Poyamba anasonkhanitsa mfundo, kenaka analemba koyamba osaopa kulakwitsa. Tsopano anafika powerengerana, kuti mnzako akuuze pamene wasokera. Zikadutsa apo n'kukonza, mapeto ake kulemba komaliza mwaukhondo.

"Mutu umodzi susenza denga," anatero akuyenda pakati pa mabenchi. "Chimene walemba wekha sungachione kupindika kwake. Apa ndasakaniza dala, wodziwa kukonza ziganizo ndi wodziwa kusimba."

Ndipo zinayenda, abale! Willard, mwana wa msodzi wa ku tchalitchi cha kumtunda, anawerenga za Sumaiya mwachifatse, chala chikutsata mzere. Inali nkhani ya amayi odikira mabwato m'mawa, mabeseni ali pamutu.

"Apa wathamanga," anatero Willard. "Amayi akowa atulukira kuti? Agwa kumwamba?"

"Si awa ndawatchula apa?"

"Wawatchula mumtima mwako. Papepala palibe."

Sumaiya anawerama kuti aone, ndipo atapeza kuti n'zoona anaseka, dzanja lili pakamwa. Rachael anamva kukoma mumtima. Mtsikana ameneyu ndiye ankamudalira kuti adzakhoza bwino mayeso a boma, amene anali atayandikira. Sanalabadire za Nuru, mayi wogulitsa zitumbuwa pageti, amene anaima pa zenera lopanda galasi foni ili m'manja.

M'mawa mwake Sumaiya sanabwere. Tsiku linalo chimodzimodzi. Rachael anaitanira Zena kuseri kwa kalasi.

"Mnzako akudwala?"

Zena anayamba kukumba pansi ndi chala chakuphazi. "Sakudwala, madamu. Ndi chithunzi chija."

"Chithunzi chanji?"

"A Nuru aja ndi achemwali awo a Mustapha wa ku Joni, amene anatomera Sumaiya. Anajambula, n'kutumiza. Pano mudzi wonse uli nacho."

Zena anatulutsa foni imene anabisa m'thumba la siketi. Rachael anayang'ana chithunzicho. Bolodi silinaoneke, ana ena sanaoneke. Panali mitu iwiri yokha itatsala pang'ono kugundana, mtsikana akuseka mwamanyazi.

Rachael anathamangira ku ofesi ya ahedi. Bambowo anavula magalasi n'kupukusa mutu.

"Madamu, mukuganiza kuti kanjira kapakati kaja tinasiya chifukwa chosowa mabenchi? Makolo tinachita kuwanyengerera kuti atsikana afike Fomu 4. Safunsa anadya phula."

"Ndiye tingokhala? Tipite kupolisi!"

"Mukanena chiyani? Mwanayo zaka zake zinakwana, si wamng'ono. Pitani mukapepese, kapena angakumvereni. Ine nkhope yanga inatha kale m'mudzimo."

Rachael anapita kwawo kwa Sumaiya masana omwewo, dzuwa likuswa mtengo. Pakhomo anapeza Che Abudu, amjomba ake a Sumaiya, akusoka ukonde pansi pa mtengo wa mango. Kwa anthu a kumeneko mlongo wa mayi ndiye mwini mbumba, ndipo mawu ake ndi omaliza. Anamupatsa mpando, anamulonjera mwaulemu, osakweza mawu ngakhale pang'ono. Zimenezo zinamuopsa Rachael kuposa kukalipa.

"Bambo, wolakwa ndine. Mwanayu anakana, ine ndinamukakamiza. Inali ntchito ya m'kalasi basi, kuwerengerana zolemba."

"Ndikudziwa," anatero Che Abudu, maso ali pa ukonde. "Mwana wa mlongo wanga ndimamudziwa. Alibe chibwana."

"Nanga bwanji osamulola abwerere?"

"Amayi, ineyo ndi amene ndinagwada kwa akuchimuna chaka chatha. Iwo ankafuna ukwati pompo. Ndinati ayi, dikirani alembe mayeso, ku sukuluko amakhala ndi atsikana anzake, ndikulumbira. Lero ndine wabodza. Ku Joniko anyamata akumuseka Mustapha, ati iwe ukutsuka magalimoto kuno, kumudzi wina akukutsukira mbale."

"Ndimuimbire foni ndimufotokozere."

"Ali m'basi, akubwera. Akuti kaya ndowa, ukwati wathu wa Chisilamu, imangidwe ku mzikiti Lachisanu amutenge, kaya chitomero chithe. Chikatha ndi mbiri yotereyi, adzamufunsira ndani m'mudzi muno? Inu mudzasamuka, akadzakutumizani kwina. Ife tidzatsala naye."

"Mayeso atsala pang'ono, bambo. Chonde, angolemba."

Che Abudu analuma ulusi n'kuudula. "Madzi akatayika saoleka."

Rachael anapsa mtima, koma anasowa woti amupsere. Anapempha kuti aonane ndi mtsikanayo. Anamulozera kuseri kwa nyumba, kumene Sumaiya ndi mayi ake, Abiti Swadick, ankatembenuza usipa pa thandala. Sumaiya anali atavala chitenje, yunifolomu yake itachapidwa ili pachingwe. Atangoona aphunzitsi ake anagwada, maso ali otupa.

"Dzuka, mwanawe. Iweyo ukufuna chiyani? Undiuze wekha."

"Ndimafuna kulemba mayeso, madamu."

"Ndiye kana!"

"Ndikane ndikakhale kuti?" Anafunsa motsitsa, osati mwamwano. "Ndinakuuzani kuti ndikhale ndi Zena."

Rachael anatembenukira kwa mayi ake a mtsikanayo. Abiti Swadick sanasiye ntchito yawo. Ankatembenuza nsomba imodziimodzi, ndipo polankhula sanamuyang'ane mlendoyo.

"Ine sindinapite ku sukulu, aphunzitsi. Koma mwanayu ankandisimbira zonse akaweruka, ndinkakondwa nazo. Anati mumawaphunzitsa kuti chinthu usanachitulutse pagulu, uyambe wamuonetsa mnzako, akuuze pamene palakwika. Si choncho?"

"N'choncho, mayi."

"Nzeru yabwino. Nanga inuyo, musanamukhazike mwana wanga pa benchi ya mwamuna, munaonetsa ndani?"

Rachael anatsanzika. Anayenda mumchenga wotentha mpaka kumsewu, ndipo atafika poti samuonanso anakhala pa chitsa n'kulira ngati kamwana. Ankadzida. Ankamuda Nuru, ankamuda Mustapha amene sanamuonepo, koma akazungulirazungulira ankabwerera kwa iye mwini.

Sanagonje tsiku lomwelo, zoona zake. Anapita kwa shehe, amene anamumvetsera bwino n'kulonjeza kuti ayankhula ndi mbali zonse, koma akuchimuna anakanitsitsa. Anapita kwa amayi a komiti yobwezera atsikana ku sukulu, iwo anati akanamva chithunzi chisanafale bwenzi atathandiza. Anafikanso kwa Nuru pageti, ndipo mayiyo anangovundikira zitumbuwa zake n'kuti, "Ine ndinajambula zimene ndinaona. Ndinawakhazika ndine?"

Lachisanu ndowa inamangidwa. Loweruka, Rachael ali pakhonde la nyumba yake, lole ya ku Mangochi inadutsa itadzaza anthu ndi matumba a nsomba. Pamwamba anaona mpango wobiriwira uja ndi chikwama chatsopano. Anakweza dzanja, koma fumbi linali lambiri, sanadziwe ngati Sumaiya anamuona.

Lolemba analowa m'kalasi mochedwa. Ana anali atabwerera kale m'malo awo akale popanda wowauza, anyamata uku, atsikana uko. Mbali ya atsikana inali ndi mipata ingapo, chifukwa makolo enanso anali atamva. Anatenga choko n'kulemba pa bolodi gawo lotsatira: kukonza.

"Aliyense atenge zimene mnzake anamuuza, akonze chimangirizo chake," anatero.

Mapepala anayamba kutembenuzidwa. Kumbuyo dzanja limodzi linakwera pang'onopang'ono. Anali Willard, mlomo wake uli wotupa. Anyamata a kwa Mustapha anali atakumana naye kudoko.

"Madamu, pepala la Sumaiya ndili nalo ine. Ndinapita nalo kunyumba kuti ndikamalize kuliwerenga. Ndalemba monse mofunika kukonza." Analitulutsa m'thumba. "Ndikapereke kwa amayi ake?"

"Usayerekeze kuponda pakhomo paja. Wamva? Bwera nalo kuno."

Mnyamatayo anabwera nalo atalinyamula ndi manja awiri. M'mbali monse munali timawu take ta pensulo, tolembedwa mosamala. Rachael analipinda, anayang'ana pa tebulo, anayang'ana m'kabati, osadziwa poliika.

"Nanga akonza ndani, madamu?" anafunsa Willard.

"Palibe," anatero Rachael. "Kakhale pansi."