Dzanja Lachinayi pa Pepala la Kadontho

Mayi telala anapita kusukulu tsiku limenelo atachita kukokedwa. Linali tsiku loti makolo akaone zimene ana ajambula, iye ali ndi madiresi a ukwati wa eni ake omwe sanapindidwe m'munsi. Anafika tepi yoyezera ili m'khosi, ulusi utamatirira pasiketi. Mwana wake wamkazi, amene aliyense ankamutcha Kadontho chifukwa sankabwera kusukulu wopanda dontho la utoto pamphuno, anali atamugwira chala kuti asathawe.

M'kalasi munali fungo la utoto ndi guluu. Khoma lonse linali manja okhaokha. Aphunzitsi a zojambula anali atauza ana kuti aliyense apite ndi pepala kunyumba, anthu a m'nyumbamo aikepo dzanja mmodzimmodzi, mwana azungulize ndi pensulo, kenako adzapake utoto kusukulu. Kulemba mayina pachithunzi aphunzitsiwo sankalola. Ankati chithunzi chizidzinenera chokha.

Pepala la Kadontho linali pafupi ndi windo. Dzanja lalikulu ngati fosholo linali la bambo ake, makaniko. Kadzanja kopindika kanali ka mchimwene wake woyamwa. Lachitatu linali la mwiniwake. Lachinayi linali la munthu wamkazi, la zala zitalizitali zowongoka, ndipo pachala china pensulo inadumpha pang'ono pamene panali mphete.

Mayi telala anayang'ana dzanja lake. Zala zake n'zazifupi, ndipo chamkombaphala chinakhota kuyambira pamene singano ya makina inachiboola. Mphete anasiya kalekale kuvala chifukwa inkakola nsalu. Anayang'ana uku ndi uku, n'kuika dzanja papepalapo mofulumira. Silinafanane nalo ngakhale pang'ono.

Munthu wina akanangofunsa mwanayo. Koma mayi uyu anakula akumva zoti kuona maso a nkhono n'kudekha, komanso ankaopa kuti mwana akafunsidwa akathamangira kukauza bambo ake. Anavula tepi m'khosi, nayeza chala chapakati cha dzanja lachilendolo, nayezanso chikhatho, n'kuika chizindikiro ndi choko chake chodulira nsalu.

Madzulo makaniko anabwera, nasamba, nakhala pansi. Mkazi wake anamuyang'ana ngati munthu amene wamuona koyamba.

"Bambo a Kadontho, ndikakhala kushopu, kuno kumabwera ndani?"

"Kuno? Wowerenga mita ya madzi."

"Wowerenga mitayo amavala mphete?"

"Sindinamugwirepo dzanja, mayi. Bwanji, mwamupezera mkazi?"

Makaniko anaseka yekha. Kwa mayi telala kusekako kunali umboni. Tsiku lotsatira mwamunayo sanaseke, ndipo umenewonso unali umboni. Atameta ndevu, unali umboni. Munthu akayamba kukayikira, ngakhale nkhuku ikatsokomola imakhala kuti ikudziwa kanthu.

Woyamba kuyezedwa anali mayi wa saluni wa nyumba yoyandikana, amene ankakonda kubwereka machesi nthawi imene makaniko ali pakhomo. Mayi telala anamuitana kuti ali ndi kansalu kotsala koti amusokere bulauzi. Anamuyeza mapewa, chiuno, mkono, kenako tepi inangopitirira mpaka kunsonga ya chala.

"Anzanga, bulauzi yake ifika mpaka kuzala?"

"Ndi sitayilo yatsopano. Tambasulani."

Chala chinaperewera. Mayi wa saluni anapita ndi bulauzi yaulere, mayi telala n'kutsala ndi mkwiyo wake. Anayeza mlamu wake, ngakhale ankadziwa kuti n'zopusa. Anayeza makasitomala mpaka ena anayamba kubisa manja m'khwapa. M'basi sankaonanso nkhope za anthu, ankangoona zala zogwira chitsulo. Kunyumba anasiya kufunsa mwamuna wake kuti waswera bwanji, ndipo chikwama chake chachikulu cha paulendo anachitsitsa pamwamba pa wadirobu n'kuchipukuta fumbi.

Zitamukwana, anatseka shopu masana n'kupita kusukulu. Ankafuna kutenga pepalalo kuti akaliyale patebulo pamaso pa makaniko, aone ngati angasekenso. Ana anali ataweruka. Aphunzitsi a zojambula anali pasinki akutsuka maburashi, manja a bulauzi atawapinda. Mayi telala anatsegula pakamwa kuti apereke moni, koma maso ake, monga anazolowera masiku amenewo, anayamba apita kumanja. Zala zitalizitali. Zowongoka. Mphete.

Tepi sinafunikenso.

"Aphunzitsi, kunyumba kwanga mumakudziwa?"

"Ayi, mayi, sindinafikeko."

"Nanga dzanja lanu likufuna chiyani pakati pa mwamuna wanga ndi ana anga?"

Aphunzitsi anatseka mpopi. Anayang'ana pakhoma, nayang'ana mayiyo, napukuta manja pang'onopang'ono.

"Khalani pansi, mayi a Kadontho."

Mipando inali ya ana, ndipo mayi telala anakhala mawondo atafika pachifuwa.

"Ntchito imene ija ndinawapatsa nthawi yokwanira," anatero aphunzitsi. "Tsiku lililonse ndikamufunsa, Kadontho ankati kwatsala dzanja la amayi, akuti mawa, ali ndi madiresi. Tsiku lopaka utoto anzake onse anayamba, iye anangokhala, pepala lili ndi malo opanda kanthu pakati. Ndinamuuza kuti apake atatu omwewo. Anakana. Anati anthu akaona aziti alibe mayi. Ndiye ndinamubwereka langa."

Mayi telala anakumbukira. Anakumbukira pepala likugwedezeka pambali pa makina, iye mapini ali kukamwa, akulikankha ndi chigongono kuti lisadetse nsalu yoyera. Manyazi anamugwira, ndipo pansi pa manyaziwo panali chisoni.

"Anandivutitsa kwambiri," aphunzitsi anapitiriza. "Ankafuna ndipinde chala ichi kuti chikhote ngati chanu. Tinayesa n'kufufuta, kuyesa n'kufufuta. Onani, pepala linachita kupyapyala pamenepo. Changa chinakana kukhota."

Mayi telala anadzuka n'kuyang'anitsitsa. Pa chala chamkombaphala panalidi mabala a chofufutira, mizere yokhota itafufutidwa pansi pa utoto. Tsiku lija anayeza chala chapakati ndi chikhatho, koma zimenezi sanazione.

Atafika kunyumba anabwezera chikwama pamwamba pa wadirobu. Makina sanawavundukule. Anatenga pepala lalikulu lodulira diresi, naliyala patebulo, nasongola pensulo, n'kuitana Kadontho amene ankasewera pakhonde.

"Bwera, mwanangu. Lero ndili ndi nthawi. Jambula dzanja langa."

Kadontho anabwera manja ali dongo lokhalokha. Anayang'ana pepala, anayang'ana chala chokhota chija chili pamenepo kudikira.

"Za manja tinamaliza kale, amayi. Panopa tikuumba makapu."

Anathamangira pakhonde. Makaniko atalowa anapeza mkazi wake akadali patebulo, dzanja litatambasulidwa papepala loyera.