Vidiyo ya Ukwati wa Yvonne

"Ndiye umaifunditsa chitenje?"

"Fumbi la mu Petauke sulidziwa iwe? Ndimaisamala monga mwana."

"Mwana umamuzimitsa pa khoma ali mkati mwa kudya?"

Wofunsayo anali Tisunge, amene anaphunzila za makompyuta ku yunivesite, ndipo woyankha anali msuweni wake Webster, wojambula maukwati. Kompyuta ya mu situdiyo ya Webster inali itafa, osadzukanso, pamodzi ndi vidiyo ya ukwati wa mlongo wake Yvonne. Makadi a kamela Webster anali atawafufuta kale n'kujambulilapo phwando lina. Chotsala chinali bekapu, fayilo imodzi yaikulu yokhala ndi zonse za mu kompyutayo, yosungidwa pa kabokosi kakuda ka dilaivi kamene kanali pa netiweki m'chipinda cha kumbuyo. Fayiloyo inkakana kutseguka. Apongozi a Yvonne, amai Njobvu, anali kale pa basi kuchokela ku Nyimba kudzaonela vidiyoyo.

Tisunge sanachedwe kupeza chimene chinachitika. Bekapu inkayamba yokha nthawi yoweluka kuti isasokoneze ntchito. Webster nayenso nthawi yoweluka ankazimitsa chilichonse pa khoma, chifukwa malaiti akapita n'kubwelela ndi ukali amaotcha zinthu. Masiku ambili bekapu inkamaliza iye akali kucheza pakhomo. Tsiku lomaliza anali ndi changu.

"Ukaikonza ndikukwatila, mkazi wanga," anatelo Webster, monga amasekelana asuweni.

"Ndiye ndiisiye yakufa."

Tisunge anayamba ndi kukopela fayilo yonseyo pa dilaivi ina, kuti akalakwitsa asaphe yeniyeniyo. Atayang'ana mkati anapeza kuti zambili zilipo, koma mbali imene imauza kompyuta kuti chakuti chili pakuti inali itaduka pakati. Anatsegula pulogalamu yofufuza zidutswa, n'kuyamba kuzilumikiza, ichi ndi ichi, ichi ayi. Nkhope yake inawala. Anaiwala ngakhale kumwa munkoyo umene Webster anamuikila pambali.

"Ukuoneka wosangalala maningi pa malilo anga," anadandaula Webster.

"Chokani apa, bambo, mukunditchinga."

Foni ya Webster inalila. Anali Yvonne: basi yadutsa pa Minga.

Posakhalitsa fayilo inatseguka. Webster anafuula mpaka wometa tsitsi wa pafupi anasuzumila pazenela. Anaona Yvonne akulowa m'tchalitchi, azakhali a ku Kaumbwe akuvina mpaka chitenje kumasuka, keke, zonse zooneka bwino. Kenaka chithunzi chinasanduka timabokosi tobiliwila, n'kuima.

"Kwatsala chiyani?" anafunsa Tisunge.

Webster anakhala pansi. Tsiku la ukwati, lole ya anthu a ku Nyimba inafela panjila, ndipo anafika phwando lili pakati, iye atasintha kadi. Kadi yachiwiliyo ndi imene anaikopela pa kompyuta tsiku la changu lija, bekapu n'kudulidwa isanaimeze. Mmenemo munali kuvina kwawo, mphatso zawo, ndi mau a amai Njobvu, amene anaimitsa oimba kuti alangize mwana wawo Josphat, mkwatiyo, pamaso pa anthu onse.

"Fufuzanso, msuweni."

"Chimene chinaduka ndingalumikize. Chimene sichinafike pa dilaivi ndikachitenga kuti?"

Tisunge anafufuzabe. Anapeza kachidutswa kamodzi, n'kukalumikiza kumapeto kwa vidiyo: kumbuyo kwa lole, dzanja la munthu wosaoneka nkhope likutsitsa mkoko wa nthochi.

"Tiikepo nyimbo, tikachedwetse kayende pang'onopang'ono," anatelo Webster. "Anthu amakonda zotele."

Asanamalize kulankhula, pakhomo panamveka odi. Yvonne analowa atanyamula chikwama cha apongozi ake, kumbuyo kwake amai Njobvu atavala duku latsopano. Webster anagwada powapatsa moni, motalika kuposa masiku onse. Anawapatsa mpando wabwino, ndipo Tisunge anayatsa vidiyo popanda kuyang'ana munthu.

Amai Njobvu anaonela mokondwa. Anayamikila delesi. Anaseka azakhali a chitenje chomasuka, n'kupempha kuti abwezele pamenepo. Keke itaoneka anakonza duku lawo, n'kusendela kutsogolo.

"Manje ndipamene tikufika ife," anauza Yvonne. "Umvetsele bwino zimene ndinalankhula."

Lole inaoneka. Dzanja linatsitsa nthochi. Chithunzi chinada.

Anadikila. Webster ankayang'ana Tisunge, Tisunge ankayang'ana kabokosi kakuda, Yvonne ankayang'ana pansi. Amai Njobvu anatembenuka pang'onopang'ono.

"Nanga ife a ku Nyimba tili kuti?"