Tsiku Limene Tinalira Amalume Ali Moyo

Amalume anga a Fackson amati chithunzi chabwino ndi chimene nsapato zikuoneka. Basi. Munthu aime chilili, manja m'mbali, pakamwa potseka, nsapato zonse ziwiri zituluke bwinobwino kuti adzukulu adzadziwe kuti sunali munthu wamba. Ine Mwiza ndajambula anthu zaka zisanu ndi ziwiri m'kasitudiyo kanga pafupi ndi msika wa Kapata, ndipo ndikuuzeni, theka la Chipata limaganiza ngati amalumewo.

Ndiye chaka chatha kunabwera chionetsero cha zithunzi. Anabwera nacho ndi a Stanley, bambo wa ku Lusaka wovala mpango m'khosi mwezi wa Okutobala, dzuwa likuswa mtengo. Anabwereka holo ina m'tauni n'kupempha ojambula tonse kuti tipereke ntchito zathu. Ine ndinapereka zithunzi khumi zaukwati, zowala bwino, aliyense ndi nsapato zake. A Stanley anazikankhira pambali ngati makoko a mtedza. Kenako diso lawo linagwera china pakompyuta yanga, chimene ndinaiwala kufufuta.

Chinali cha amalume. Ndinachijambula kumudzi ku Chiparamba zaka ziwiri zapitazo, tsiku limene anandiitana kuti ndiwajambule chithunzi choti anthu adzanyamule kutsogolo kwa bokosi lawo. Ndili mkati moyesa kamera, chala chinadina chokha. Amalume anali atavala jekete pamwamba, pansi kabudula wakumunda, mapazi ali mbuu, akuyang'ana kumbali, akuseka usinini wonse pamtunda.

A Stanley anachiyang'ana nthawi yaitali, anausa moyo, n'kunena kuti kuwala kwake kukulankhula. Ine ndinati kuwala sikulankhula, uku n'kuphonya chabe. Sanandimve. Anachikuza mpaka kufanana ndi chitseko, anachichotsa mitundu kuti chikhale chakuda ndi choyera, n'kuchipachika pakhoma lapakati, maluwa pansi pake. Ndinavomera, sindikana ayi. Ndani safuna dzina lake pakhoma?

Vuto linali lakuti Loweruka la sabata yomweyo kunali chinkhoswe changa, ndipo nkhoswe yanga inali amalume omwewo. Makolo anga onse anatisiya, mlongo wa mayi ndi mmodzi yekhayo. Popanda iwo, akwawo kwa Jabulani, mwamuna wodzandikwatira, akanangopeza mpando wopanda munthu n'kubwerera. Lachitatu wina wapakamwa anawaonetsa amalume chithunzicho pafoni. Anandiimbira, sanandipatse ngakhale moni. Anati chithunzi chitsike, apo ayi ndikasake nkhoswe pamsika. Ndinathamangira kwa a Stanley, ndinagwada, koma iwo anati chithunzicho ndiye mtima wa chionetsero chonse, ndipo luso silitsika pakhoma chifukwa cha chinkhoswe. Ndinalakalaka kuwamanga ndi mpango wawo womwewo.

Lachinayi amalume anadzuka m'mamawa, anavala suti, chipewa, magalasi akuda ndi nsapato zopolishidwa, n'kunyamuka osatsazika munthu. Amakhala okha chimwalirireni akazi awo a Ketilina, ndiye panalibe wowafunsa. Ankabwera kudzatsitsa chithunzicho okha.

M'mawa womwewo Bizwell, wa njinga yamoto wa kumudzi kwathuko, anatula munthu paholo paja n'kusuzumira pakhomo. Anaona chithunzi cha amalume chachikulu, chakuda ndi choyera, maluwa pansi, anthu ataima manja kumbuyo akunong'onezana. Musamuseke Bizwell. Kwathu munthu wamoyo sakuziridwa chithunzi. Chithunzi chachikulu ndi cha maliro, ndipo anthu sanong'onezana pamaso pa chithunzi cha munthu amene adya naye mawa. Anapotoloza njinga, liwiro mpaka ku Chiparamba. Anthu anathamangira kunyumba kwa amalume, anapeza chitseko chokiya, nkhuku zosatsekuliridwa. Umboni unakwana. Adzukulu ananyamula makasu kupita kumanda, amayi a mumpingo anamanga zitenje zawo zofanana n'kukwera lole ya thonje.

Amalume anafika masana, akutsimphina, chifukwa nsapatozo zimawaluma. Anaima pamaso pa chithunzi akupumira m'mwamba. A Stanley sanawazindikire. Anawayandikira mwaulemu n'kuwafunsa chimene akumva mumtima akamachiyang'ana. Amalume anati akumva manyazi. A Stanley anasangalala kwambiri, anati umo ndi mmene chithunzi chenicheni chimagwirira munthu, ndipo analemba mawuwo m'kabuku kawo. Ine ndinali nditabisala kuseri kwa chithunzi cha mbuzi.

Apa m'pamene lole inaima panja.

Analowa amayi ngati makumi atatu, akulira kuyambira pachipata. Anakhala pansi n'kutambasula miyendo, wina n'kuyambitsa nyimbo ya maliro. Alendo a kunja anatulutsa makamera awo. A Stanley anayang'ana papepala la ndondomeko, sanapezepo kanthu, komabe anandinong'oneza kuti ichi ndicho chinthu chokongola koposa chimene anachionapo m'holo ya zithunzi. Nyimbo itatha anawomba m'manja. Amayi onse anawatembenukira, ndipo manja aja anauma ali m'mwamba.

Amalume anali ataima pakati, atatambasula manja kuti abise mapazi a m'chithunzi. A Rhoda, apampando a amayiwo, amene akhala moyandikana ndi amalume zaka makumi anayi, anapukuta misozi n'kunena kuti, "Bambo inu, tasunthani. Mukutitchingira malemu."

"Ndine Fackson," anatero amalume.

A Rhoda anayang'ana chithunzi, anayang'ana munthu wa sutiyo, anayang'ananso chithunzi. Anati Fackson ndi uyo ali pakhomayo. Amalume anavula chipewa. Anavula magalasi. A Rhoda anavomera kuti mphuno ikufanana pang'ono, mwina ndi m'bale wawo wa kutsidya kwa malire a ku Mwami. Ndiye anawapepesa, anawagwira mkono n'kuwakhazika pakampando kakafupi ka anamfedwa, patsinde penipeni pa chithunzi. Ine ndinatuluka kuseri kwa mbuzi kuti ndifotokoze, koma amayi awiri anandikumbatira, anandikhazika pansi, anati ndilire ndisadzigwire. Ndinalira ndithu, chifukwa chinkhoswe changa ndinkachiona chikupita.

Amalume anakhala pamenepo akumva mbiri yawo. Wina anati malemu anali wouma mutu koma sankabweza mwana wanjala. Wina anati chimwalirireni a Ketilina, malemu sanasekenso, ankangoyenda ngati khasu loguluka mpini. Amalume anafuna kutsutsa, koma diso lawo linagwera pena. Pakampando paja maso awo anali pafupi ndi ngodya yam'munsi ya chithunzi, kumene anthu oimirira sankayang'anako. Ndinaona khosi lawo likutalika.

Pangodyapo panali dzanja. Dzanja lokha, lolowa kuchokera kumbali, lili ndi chipsera cha moto pachala chachikulu. Linagwira nsapato ziwiri ndi kansanza kopolishira.

Ine mwini wake ndinali ndisanalionepo, chithunzi chili chaching'ono linkangooneka ngati mthunzi. Koma ndinakumbuka. Tsiku lija a Ketilina anali pambali akupolisha nsapatozo, akuwanena amuna awo kuti munthu wa jekete pamwamba kabudula pansi ngakhale manda amukana. N'chimene amalume ankaseka. A Ketilina anamwalira patatha miyezi itatu. Moyo wawo wonse ankathawa kamera, ankati nkhope yawo aidziwa amene akuifuna, ndipo pa maliro awo kutsogolo kwa bokosi kunalibe chonyamula.

Amalume anawerama, anavula nsapato zowaluma zija, anaimirira n'kuika dzanja lawo padzanja lija. Anayamba kuseka, usinini wonse pamtunda, misozi ikutsikira m'kolala ya shati. A Rhoda anakuwa dzina lawo. Amayi ena anathawira pakhomo, ena anagwada n'kuchita chizindikiro cha mtanda, Bizwell anazemba osatsazika. A Stanley ankafunsa aliyense ngati gawo limeneli lingabwerezedwe Lachisanu.

Amalume anandikodola. Ndinapita.

"Iwe Mwiza, nsapato zilimo."

"Zilimo, amalume."

"Ndiye chithunzi n'chabwino. Chisatsike." Anapukuta kumaso ndi chipewa. "Koma pangodya apa undikuzire pokha. Ine undichotsemo."

Kumudzi anapeza manda atafika m'chiuno, ndipo adzukulu anakwiriramo thunthu la nthochi monga mwa mwambo, akung'ung'udza kuti anthu a m'tauni amaseweretsa makasu a eni ake. Loweruka amalume anabwera, anakhala pampando wawo, anayankhula bwino kwambiri moti akwawo kwa Jabulani anandiyamikira kuti ndili ndi kwathu.

Chithunzi cha dzanja ndinakawapatsa sabata yotsatira. Sichikuoneka bwino, ndikuuzeni zoona, pochikuza chinachita mbuu, ndipo kasitomala wina aliyense akanandibwezera. Amalume anachipachika moyang'anana ndi pamene amadyera. A Rhoda amati m'mawa uliwonse amawamva akuchipatsa moni asanatsekulire nkhuku.